KUMWERA KWA AFRICA: Mapiritsi a vitamini D sachepetsa kunenepa kwa ana

JOHANNESBURG - Kwa zaka zoposa 20 tsopano, akatswiri a zaumoyo m'maiko osiyanasiyana akhala akupeza chinthu chimodzimodzi: ana onenepa mopitirira muyeso amakhala ndi vitamini D wochepa m'magazi kusiyana ndi anzawo. Kholo likamva zimenezi n'chapafupi kuganiza kuti kusowa kwa vitaminiyu ndiko kukunenepetsa mwana, ndiponso kuti botolo la mapiritsi la ku famase lingathetse vutolo. Umboni umene wasonkhanitsidwa, kuphatikizapo kafukufuku wamkulu amene adachitikira ku Cape Town, ukusonyeza kuti ganizo limeneli lidatembenuza mutu wa nkhani: kunenepa ndiko kumatsitsa vitamini D.

Chigawo chino chasenza mitolo iwiri pamutu umodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2016 ku South Africa adapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu, 13 adali onenepa mopitirira muyeso pamene 27 adali opinimbira. Ku Malawi kafukufuku wa 2015-16 adapeza ana opinimbira 37 mwa 100 alionse, ndipo ku Zambia mu 2018 adali 35. Onenepetsa m'maiko awiriwa adali pafupifupi asanu. Maunduna a zaumoyo amene thumba lawo n'loperewera kale sangakwanitse kugula mankhwala a vuto limene mankhwalawo sachiza.

Vitamini D amapangika pakhungu munthu akawombedwa ndi dzuwa, kenaka chiwindi ndi impso zimamusandutsa kuti athandize matumbo kuyamwa kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa. Poti dzuwa ku Africa kuno silisowa, kwa nthawi yaitali anthu ankangoti vutoli n'la ku Ulaya. Mu 2020 Reagan Mogire ndi anzake a ku KEMRI-Wellcome Trust ku Kenya adaunika pamodzi kafukufuku wambiri wa m'maiko a mu Africa, ndipo adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi vitaminiyu wosafika pa 50 nmol/L, mlingo umene madokotala ambiri amautenga ngati malire. Anthu a m'tauni adali otsika kuposa a kumudzi, amayi kuposa abambo, ndipo South Africa idali m'gulu la maiko otsikitsitsa pamodzi ndi a kumpoto kwa Africa.

Koma chaka chotsatira gulu lomweli litayeza ana oposa 4,500 a zaka zosapitirira zisanu ndi zitatu ku Kenya, Uganda, Burkina Faso, Gambia ndi South Africa, osafika pamlingo uja adali osakwana asanu ndi atatu mwa 100 alionse. Mwana amene amasewera mpira wachikulunga pabwalo kapena kulishya mbuzi kudambo amalandira dzuwa lomukwanira. Wosowa ndi mwana wa m'tauni amene makolo amamutsekera m'nyumba poopa magalimoto ndi zigawenga, amene tsiku lake limathera m'kalasi, m'minibasi ndi pa wailesi yakanema. Ndiye yemweyonso amene amamwa zakumwa zashuga ndi kudya tchipisi. Moyo umodzi womwewo ukubala zinthu ziwiri, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti china chabala chinzake. Dera nalo limalowererapo: akatswiri adasonyeza mu 1996 kuti dzuwa la ku Cape Town limapanga vitamini D wochepa kwambiri m'miyezi yozizira, pamene la ku Johannesburg limapanga chaka chonse.

Chifukwa china chili m'thupi momwemo. Vitamini D amasungunuka m'mafuta, choncho thupi likakhala ndi mafuta ambiri vitaminiyu amakabisala m'menemo ndipo wotsala m'magazi amachepa, monga momwe supuni ya shuga imazimiririkira mumtsuko wa madzi koma n'kumveka m'kapu. Mu 2000 akatswiri a ku America adawalitsa cheza chonga cha dzuwa pa anthu onenepa ndi oonda mofanana, ndipo vitamini amene adafika m'magazi a onenepawo adali wosakwana theka la wa anzawo. Mu 2013 Karani Vimaleswaran ndi anzake adaunika zimene anthu oposa 42,000 adatengera kwa makolo awo. Amene chibadwa chawo chimawakokera ku kunenepa adapezeka ndi vitamini D wotsika, koma amene chibadwa chawo chimatsitsa vitaminiyu sadaoneke kuti akunenepa kuposa ena. Kafukufuku awiriwa adali wa anthu akuluakulu, n'chifukwa chake zimene zidachitika kwa ana a sukulu ku Cape Town zili zofunika.

M'kafukufuku wotchedwa ViDiKids, amene adatsogozedwa ndi Keren Middelkoop wa ku University of Cape Town ndi Adrian Martineau wa ku Queen Mary University of London, ana 1,682 a zaka 6 mpaka 11 adagawidwa pawiri. Ena ankamwa mayunitsi 10,000 a vitamini D sabata iliyonse kwa zaka zitatu, ena ankamwa kapisozi wongofanizira wopanda mankhwala. Cholinga chachikulu chidali kuona ngati vitaminiyu angateteze ana ku kachilombo ka chifuwa chachikulu, sadawateteze. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2024 zidasonyezanso kuti msinkhu, kulemera ndi kuchuluka kwa mafuta m'thupi sizidasiyane pakati pa magulu awiriwo, ngakhale vitamini m'magazi adakweradi.

Wina angatsutse kuti ana ambiri a ku Cape Town sadali operewera kwenikweni poyamba, ndipo kutsutsa kumeneku n'komveka. Yankho lidachokera ku Mongolia, dziko lozizira kumene pafupifupi ana onse 8,851 amene adalowa m'kafukufuku wofanana ndi ameneyu adali operewera. Atamwa vitaminiyu zaka zitatu, nawonso sadasinthe msinkhu kapena kaumbidwe ka thupi.

Kumbali ya ana onyentchera nkhani idakayikitsa pang'ono. Mu 2018 kafukufuku wa ana 185 ku Pakistan adapeza kuti amene adalandira vitamini D wochuluka pamwamba pa chakudya chochiza, chimene ku Malawi amachitcha chiponde, adawonjezera thupi msanga. Kafukufuku wotsatira ku Lahore, wa ana amene adagonekedwapo m'chipatala, sadapezenso zimenezi. Chiponde chili kale ndi vitamini D, ndipo palibe chifukwa chokwanira chosinthira ndondomeko ya zipatala.

Izi sizikutanthauza kuti vitamini D ndi wachabe. Ntchito yake yeniyeni ili m'mafupa, ndipo mwana akamusowa kwambiri mafupa amafewa, miyendo n'kuchita matewe. Komabe ngakhale pamenepa chigawo chino chili ndi phunziro lakelake. Mu 1978 John Pettifor, dokotala wa ana pachipatala cha Baragwanath ku Soweto, adafotokoza za ana a kumidzi amene mafupa awo adapindika pamene vitamini D m'magazi mwawo adali wokwanira. Chimene ankasowa ndi kashiamu, poti ankadalira chakudya cha chimanga popanda mkaka. Mu 1999 Tom Thacher ndi anzake ku Jos, ku Nigeria, adasonyeza kuti ana otere amachira bwino ndi kashiamu kusiyana ndi vitamini D yekha. Mgwirizano wa akatswiri a padziko lonse wa mu 2016 udati mwana woposa chaka chimodzi amene amadya kashiamu wosafika mamiligalamu 300 patsiku ali pachiopsezo, ndipo udalangiza kuti makanda azilandira mayunitsi 400 a vitamini D tsiku lililonse m'chaka chawo choyamba. Kwa banja la ku Mangochi, Siavonga kapena Tete, usipa, matemba ndi kapenta zodyedwa ndi minga yomwe ndi gwero la kashiamu limene lili pafupi kuposa famase.

Boma likafuna kufikira ana ambiri, njira yotsika mtengo ndi kuika mavitamini m'zakudya zimene aliyense amagula. Zambia idayamba kuika vitamini A m'shuga mu 1998, ndipo malamulo a Zimbabwe amene adayamba kugwira ntchito mu 2017 adalamula kuti mafuta ophikira akhale ndi mavitamini A ndi D. Kuyeza magazi a mwana aliyense wonenepa si njira: bungwe la Endocrine Society la ku America, ngakhale lidavomereza mu 2024 kuti ana azilandira vitamini D wowonjezera pofuna kupewa matenda a mafupa, lidalangiza kuti anthu akuluakulu asamayezedwe mwachisawawa pa chifukwa cha kunenepa kapena khungu lakuda.

Kunenepa kwa ana kukufuna mankhwala ovutirapo. South Africa idaika msonkho pa zakumwa zashuga mu April 2018, ndipo makampani angapo adachepetsa shuga m'zakumwa zawo. Zotsala zili m'manja mwa makhonsolo ndi maunduna a maphunziro: zimene zikugulitsidwa pageti la sukulu, nthawi ya masewera imene aphunzitsi amaidula pokonzekera mayeso, ndi mabwalo a m'makomboni amene akugawidwa ngati mapuloti.