Mswachi udali mtengo usanakhale pulasitiki

Mabuku a Fiqh amene timaphunzitsira ana athu, kaya ndi a madhhab a Imam Shafi'i kaya a Imam Abu Hanifa, amayamba ndi khomo la twahara. Mwana asanafike pa swala, pa kusala m'mwezi wa Ramadhan kapena pa zakaat, amayamba wadziwa mitundu ya madzi, kachitidwe ka wudhu ndi zinthu zimene zimakakamiza munthu kusamba thupi lonse. N'chifukwa chake Asilamu timadziwika ndi madzi. Timawakhudza kasanu pa tsiku, ndipo Lachisanu timasamba, kudzola zonunkhira n'kuvala zoyera tisanapite ku Jumu'ah.

Koma wina azungulire kuseri kwa mabafa a ku hositelo, kapena atsatire ngalande yochokera pamalo athu ochitira wudhu, aone zimene zatsakamira m'menemo. Apezamo miswachi yothothoka, machubu a kolugeti ofinyidwa mpaka kuphwa, timapepala ta shampu ndi ta sopo waufa, malezala a chigwiriro chapulasitiki, zikutiro za sopo ndi zidutswa za maneti osambira. Mwini wake watuluka m'bafa ali mbee, walowa mumzikiti, waima pamzere woyamba. Uve wake watsala panja, ukudikira mvula kuti iupereke kwa anthu ena. Ife tikuona kuti twahara yotere ndi yoperewera. Wudhu wake ndi wolondola ndithu, sitikutsutsa, koma chiphunzitso chimene chidatilamula kuyeretsa thupi ndi chomwecho chidatiuza kuti kuchotsa chopweteka anthu panjira ndi gawo la chikhulupiriro, ndipo chidaletsa kuipitsa malo otungapo madzi, njira ndi mithunzi yopumirapo anthu.

Tiyambe ndi mswachi, poti dzina lake lomweli likutiuza kumene tidachokera. Liwu lakuti mswachi ndi limodzi ndi la Chiswahili lakuti mswaki, ndipo onsewa gwero lawo ndi miswak wa m'Chiarabu, kamtengo kotsukira mano. Makolo athu adalidziwa liwuli pulasitiki isanabwere. Mswachi wa ulusi wa nayiloni udayamba kugulitsidwa mu 1938 ku America, ndipo utafika kuno udangolanda dzina la kamtengo kaja. Lero mwana akaona mkulu akutsuka mano ndi kamtengo amaseka kuti ndi zachimidzi, chonsecho kamtengoko ndiye mwini dzina.

Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah akhale pa iye) ankaukonda miswak kwambiri. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani yoti akadapanda kuopa kutilemetsa akadatilamula kuugwiritsa ntchito pa swala iliyonse, ndipo mayi Aisha adasimba kuti ngakhale m'maola ake omaliza adautsukira mano. Mtengo wodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi arak, umene a sayansi amautcha Salvadora persica, womera m'madera otentha ndi ouma a Arabia, India ndi mbali zambiri za Africa. Ku India ndi kumadzulo kwa Africa ambiri amagwiritsa ntchito kanthambi ka nimu, mtengo umene kunonso tili nawo wambiri, makamaka m'zigwa zotentha. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Umasenda khungwa kunsonga pang'ono, kutafuna mpaka ulusi utamasuka, kenako kutsuka dzino lililonse pang'onopang'ono osakwecha nkhama. Nsonga ikatha kapena ikasintha fungo umaidula n'kuyambanso. Chodulidwacho chimabwerera kudothi.

Yerekezani tsono ndi mswachi wogula. Madokotala a mano amalangiza kuusintha miyezi itatu iliyonse, kutanthauza inayi pa chaka. Hositelo ya ana 200 itatsatira langizoli, imeneyo ndi miswachi 800 pa chaka, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene udzakhale utawola anawo akamadzabweretsa ana awo ku Fomu 1.

Sitikunena kuti mawa lomwe aliyense ataye mswachi ndi kolugeti. Mankhwala otsukira mano ambiri ali ndi fluoride amene amalimbitsa mano kuti asabowoke, ndipo kwa ana a masiku ano, omwe maswiti ndi zakumwa zozuna sizichoka pakamwa, chitetezo chimenecho n'chofunika. Komanso si mtengo uliwonse woyenera kuika m'kamwa. Ina ili ndi utomoni wakupha, choncho mwana asathyole mwachisawawa osafunsa akulu odziwa. Chimene tikunena n'chakuti miswak ubwerere pamalo pake, m'thumba la yunifomu, pa wudhu uliwonse. Amene akutsuka mano kasanu pa tsiku ndi kamtengo, n'kuonjezera mankhwala m'mawa ndi pogona, wapeza Sunnah, wapezanso mano abwino. Pali chimodzi chotidandaulitsa: miswak wogulitsidwa pakhomo la mzikiti masiku ano umabwera kuchokera kunja, uliwonse m'kapepala kake kapulasitiki. Sunnah yakutidwa m'chinthu chomwe ikadatipulumutsako. Mitengo ya nimu ingapo kumpanda kwa sukulu ingathetse zimenezi.

Nkhani ya chinkhupule ndi yofanana. Chomera chimenechi chimayanga pampanda wa bafa popanda wochisamalira, chimamwa madzi omwe tasambawo, ndipo chipatso chake chikauma umangosenda, kukutumula njere, basi wapeza chosambira. Chikatha ntchito chimawola. Tidachisiya n'kuthamangira maneti amitundumitundu a kumsika, amene amanyenyeka tsiku ndi tsiku, tiulusi take n'kumatsetsereka ndi thovu kupita kungalande. Njere za chinkhupule sizigulidwa n'komwe, amangopatsana pa chinansi. Chofunika n'chakuti aliyense akhale ndi chake ndipo azichiyanika padzuwa akatha kusamba, chifukwa chosambira chilichonse chokhala chonyowa chimasunga tizilombo.

Sopo wa mtanda amaposa sopo wamadzi wa m'botolo pa mtengo ndi pa zinyalala zomwe. Mtanda umodzi wautali umadulidwa zidutswa, osasiya botolo kapena chotsekera. Vuto lake ndi lakuti amasungunuka akasiyidwa m'madzi, ndipo mankhwala ake ndi kathabwa kapena kachitini kobowola pansi. Lezala yachitsulo yosintha mpeni wokha imakhala zaka, pamene ya chigwiriro chapulasitiki imatayidwa yonse ikabuntha. Poti kumeta kukhwapa ndi kumalo obisika ndi gawo la fitrah, ndipo tidalangizidwa kuti tisapyole masiku 40, wachinyamata aliyense amagula malezala chaka chonse. Apa tichenjeze mwamphamvu: mpeni wa lezala sabwerekana, ngakhale ndi m'bale wa bere limodzi, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B amadutsira m'magazi. Za mafuta onunkhira sitichulukitsa mawu. Kabotolo kagalasi kodzazitsanso kakatha kadali kale mwambo wathu.

Pali chinthu chimene olankhula za chilengedwe amakonda kuchilumpha. Kholo logula kapepala ka sopo waufa kapena ka shampu silikonda zinyalala ayi. Lagula chimene ndalama ya tsikulo yakwanitsa. Amene ali ndi ndalama amagula chachikulu kamodzi n'kulipira zochepa pa kusamba kulikonse, pamene wosauka amagula pang'onopang'ono, kulipira zambiri, kenako n'kutsala ndi mulu wa timapepala pakhomo. Kumulalikira munthu wotere za chilengedwe popanda kumuthandiza ndi kumunyoza chabe. N'chifukwa chake sitikukhulupirira kuti nkhaniyi ingathe ndi ana okha. Sukulu itagula sopo ndi mafuta odzola mopikula kumayambiriro kwa teremu, ana n'kumabwera ndi timabotolo tawo tomwe tija kudzadzazitsa pa mtengo wogulira, kholo lingapulumutse ndalama ndipo ngalande ingapume. Sitikufuna zinthu zodula zolembedwa kuti n'zosamalira chilengedwe zochokera m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Mswachi wansungwi wobwera pa ndege, wa mtengo woposa thumba la sopo, si yankho la mwana wa kuno.

Tsono tifike pa nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi. Chipembedzo chathu sichidaibise. Amayi a ku Madina ankafunsa za kumwezi poyera, ndipo mayi Aisha adawayamikira kuti manyazi sadawaletse kuphunzira chipembedzo. Mapadi otaya ali ndi pulasitiki wambiri, pansi pake ndi m'chikutiro chake. Akaponyedwa m'chimbudzi chokumba sawola, dzenje limadzaza msanga ndipo opopa amavutika. Akaponyedwa m'chimbudzi chamadzi amatseka mapaipi. Mapadi ansalu ochapa, amene magulu a amayi m'sukulu zambiri m'dziko muno amasoka kale, amatha kugwira ntchito miyezi yambiri. Koma pano tiyenera kusamala kwambiri. Padi yochapa imafuna madzi okwanira, sopo ndi malo obisika koma ofika dzuwa oyanikapo. Mtsikana amene akuyanika kunsi kwa matiresi chifukwa choopa kusekedwa adzavala chinthu chachinyezi, n'kudwala. Ngati sukulu siinamange malo otero, ilibe ufulu wouza atsikana kuti asiye mapadi otaya. Ndipo ngakhale itamanga, chisankho chikhale cha mtsikanayo ndi mayi ake. Mwana wamkazi kujomba m'kalasi masiku anayi mwezi uliwonse ndi chionongeko chachikulu kuposa pulasitiki. Anyamata amene mukuwerenga, gawo lanu apa ndi kutseka pakamwa ndi kulemekeza alongo anu.

Makolo a ana aang'ono, mawu omwewa akukhudzanso mapampasi. Tonse tawaona atatayidwa m'mitsinje ndi m'tchire, agalu atawamwaza, muli najisi yomwe tikanakana kuti ikhudze chovala chathu cha swala. Thewera lansalu pakhomo masana, pampasi pa ulendo kapena kuchipatala, ndi njira imene mabanja ambiri angaikwanitse.

Ena adzati boma lidaletsa kale mapulasitiki. Lamulo la mu 2015 lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, amene ambiri timawadziwa ngati majumbo, ndipo Khoti la Supreme lidaligwirizira mu 2019 makampani atalitsutsa. Koma mswachi, chubu, lezala ndi padi sizili m'gulu la majumbo. Za m'bafazi zatsala m'manja mwathu. Tikazitentha, monga tizolowera, utsi wake ndi poizoni m'chifuwa, makamaka kwa ana a mphumu. Tikazikwirira zimafukuka ndi khasu patapita zaka zili momwemo. Mbuzi zimameza zopyapyala, ndipo opha nyama amazipeza zitaunjikana m'chifu. Imeneyo ikhoza kukhala mbuzi yomwe tikuiyembekezera pa Qurbani. Zotsala zimatengedwa ndi madzi. Pulasitiki sawola koma amanyenyeka n'kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo tikalowa m'nyanja timakumana ndi usipa ndi chambo. Nyanja ya Malawi imatulukira mu Shire ku Mangochi, kudutsa Malombe ndi Liwonde, ndipo madzi ambiri omwe anthu a mu Blantyre amamwa amapopedwa mu Shire yemweyo pa Walker's Ferry. Chotayidwa kumtunda chimakafika pa wudhu wa m'bale wathu kumunsi.

Wina asatimve molakwa n'kuyamba kuumira sopo. Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kusamba m'manja ndi sopo ndi chimodzi mwa zotchinga zake. Sambani, ndipo sambani bwino. Ndowa, beseni ndi ketulo yapulasitiki ya kuchimbudzi si adani athu, chifukwa zimatumikira zaka zambiri. Ketuloyo imatipulumutsanso ku timapepala tonyowa topukutira, timene tambiri tili ndi ulusi wapulasitiki ndipo timatseka mapaipi. Mdani ndi chinthu chopangidwa kuti chikhale zaka mazana koma chogwiritsidwa ntchito mphindi zisanu.

Dzina la khalidwe limeneli m'chipembedzo ndi israf, kuononga mopyola muyezo, kumene Qur'an idaletsa mu Surah Al-A'raf ndime 31. Anas bin Malik, yemwe adatumikira Mtumiki zaka khumi, adasimba kuti iye ankachita wudhu ndi madzi a mudd imodzi, osakwana ngakhale lita, ndipo ankasamba thupi lonse ndi mudd zinayi kapena zisanu. Ma Ulama adatengapo phunziro loti kuononga madzi pa wudhu n'konyansidwa ngakhale madziwo ali ochuluka. Ngati muyezo uli wotere pa madzi, amene amabwereranso ndi mvula, sitikuona momwe ungafewere pa chinthu chimene nthaka imakana kuchilandira. Choncho amene akuti izi ndi nkhani za mabungwe akunja abwerere ku buku lake la ku madrasa.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, pempho lathu ndi la zinthu zooneka ndi maso. Mvula yoyamba ikagwa tidzale nimu kumpanda ndi zinkhupule kuseri kwa mabafa. Pamalo ochitira wudhu ndi m'bafa iliyonse pakhale chitini chotayamo zinyalala, ndipo ku mbali ya atsikana chikhale chovundikira. Pa ndalama za chitukuko za chaka chino, mpanda wa malo ochapira ndi kuyanikira a atsikana uikidwe patsogolo pa penti wa ofesi. Za sopo wopikula, tikupempha kuti zikambidwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu, ndipo amayi adzapatsidwe mpata woyamba kulankhula, poti ndiwo amalongedza zikwama za anawa teremu ikamatsegulidwa.