Galimoto yoima nayonso imakalamba

Ndalama za mbatata ya kachewere ndi manachesi zikalowa m'matumba, komanso achibale a ku Joni akayamba kutulukira pa chipata cha Mwanza, nkhani zogula galimoto zimachuluka ku Neno. Ogulitsa ali ndi mawu amodzi omwe amawadalira: "Yayenda pang'ono, mayileji ndi ochepa." Nthawi zina galimotoyo imakhala ija yokongola ya masewera, yaifupi, ya zitseko ziwiri, yopangidwa zaka 15 kapena 20 zapitazo koma yongoyenda makilomita 40,000. Ife tikuti makolo musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha nambala imeneyi.

Nkhaniyi ikukhudza umoyo chifukwa kumudzi galimoto ya munthu mmodzi imasanduka ambulansi ya onse. Mayi wodwala matenda akamuyamba usiku ku Dambe kapena ku Nsambe, mwana akakomoka ndi malungo, anthu amagogoda pa khomo pomwe paima galimoto. Inu mavolontiya a zaumoyo ndi amene mumagogoda.

Kunja mawu a ogulitsawa ali ndi maziko. Ku London kapena ku Johannesburg kuli anthu osonkhanitsa galimoto zakale monga Mazda MX-5, yomwe inayamba kupangidwa mu 1989, kapena Toyota MR2. Iwo amalipira ndalama zambiri pa galimoto yoyenda pang'ono chifukwa amaisunga m'galaja ngati chithunzi cha pakhoma, n'kumaitulutsa Lamlungu. Mtengo wake umachokera ku kusowa kwake. Inu simukugula chokongoletsa. Mukugula choti chitsike phiri ndi anthu amoyo.

Nambala ya pa dashibodi imangowerenga kuzungulira kwa mawilo. Siwerenga zaka. Pomwe zambiri zimene zimateteza moyo m'galimoto ndi za labala ndi zamadzimadzi, ndipo izi zimatha ndi nthawi ngakhale galimoto itaima.

Yambani ndi matayala. Labala amauma akamakhala pa mpweya ndi padzuwa, n'kuyamba timing'alu tomwe ena sitioneka kunja. Tayala likhoza kukhala ndi mano onse ngati latsopano koma n'kuphulika likatenthedwa pa msewu wa Zalewa. Mwamwayi tayala lililonse limanena msinkhu wake. M'mbali mwake muli malembo akuti DOT, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2314, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Makampani angapo opanga galimoto amalangiza kusintha matayala akakwana zaka 6, ndipo opanga matayala monga Michelin amati asapitirire zaka 10 ngakhale akuoneka bwino. Onaninso lapadera la kumbuyo, lomwe aliyense amaliiwala.

Chachiwiri ndi mafuta a mabuleki, ndipo kwa anthu a kumapiri apa ndi pofunika kumvetsa. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, galimoto ikuyenda kapena ayi. Amtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kupyole madigiri 205. Akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Potsika mtunda wautali, monga kuchokera ku Dambe kubwera pa boma, dalaivala amaponda buleki kosalekeza ndipo zitsulo zimatentha. Mafuta akawira amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Phazi limangofika pansi, galimoto ikupitabe. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri, osati pakatha makilomita akutiakuti. Mapaipi a labala onyamula mafutawa nawonso amalimba n'kung'aluka, ndipo galimoto yoima nthawi yaitali mabuleki ake amagwidwa ndi dzimbiri.

Lamba wa tayimingi m'kati mwa injini amasinthidwa potengera makilomita kapena zaka, chomwe chayamba kukwana. Akaduka, pa injini zambiri ndiye kuti yawonongeka. Batire imafa, petulo wokhalitsa amasanduka phula, makoswe amadya mawaya. Izi ndi za ndalama chabe. Ekizozi yobowoka ndi dzimbiri ndiyo ya moyo, chifukwa imalowetsa m'galimoto mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha. Ana okhala kumbuyo akamadandaula mutu, chizungulire kapena kusinza paulendo uliwonse, musangoti n'kutopa.

Pali nkhani inanso yomwe ambiri kuno sanaimve. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takata inkapanga ma airbag, matumba aja omwe amafufuma pangozi kuteteza nkhope. Inagwiritsa ntchito mankhwala a ammonium nitrate, omwe amawonongeka akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi achinyezi. Akatero, pangozi amaphulika mopitirira n'kumwaza tizitsulo kumaso ndi pakhosi pa munthu. Anthu anafa m'mayiko angapo, galimoto mamiliyoni ambiri za Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi zina zinaitanidwa kuti zikakonzedwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Vutoli limakula ndi zaka ndi nyengo, mayileji alibe nalo gawo. Galimoto yomwe inangoima m'galaja ndiyo mwina sinapite n'komwe kokasinthidwa. Tengani nambala ya chasesi mukafunse kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu umenewo ku Blantyre.

Ndiye nambalayo ndi yoona? Kubweza mita mmbuyo ndi chinyengo chakale, ndipo mita za kompyuta sizinachithetse. Galimoto yochokera ku Japan imabwera ndi satifiketi yotulutsira kunja, yomwe kawirikawiri imaonetsa makilomita omwe analembedwa pomwe boma la kumeneko linkaiyeza, pamodzi ndi masiku ake. Ifunseni. Yang'ananinso zomwe sizinama: labala wa pa chopondera buleki, chiwongolero, mpando wa dalaivala. Zikakhala zoperepeseka pomwe mita ikuti 40,000, khulupirirani mpando.

Tsono tinene za galimoto ya masewera yeniyeniyo. Mimba yake imakhala pafupifupi masentimita 14 kuchokera pansi, pomwe Hilux kapena Land Cruiser imapyola 20. N'chifukwa chake ambulansi za m'boma lino ndi galimoto zazitali za Abwenzi Pa Za Umoyo, omwe akhala akugwira ntchito ku Neno kuyambira 2007, sizikhala zokongola. Mvula ikagwa, galimoto yaifupi imakhala pamimba m'matope kapena kuboola poto wa oyilo pamwala. Mipando ndi iwiri. Mayi wodwala alibe pogona, womudikirira alibe pokhala, ndipo mwana amathera pamiyendo pa munthu wakutsogolo, pamaso penipeni pa airbag. Zipangizo zake mumsika wa Limbe n'zosowa, muziyembekezera kuchokera kunja. Ngati mukuitanitsa nokha kudzera pa doko la Dar es Salaam, kumbukirani kuti msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu, mayileji sauchepetsa.

Sitikuti galimoto yoyenda pang'ono ndi yoipa. Injini ndi giya zake zimakhala zisanadyeke, ndipo izi n'zabwino. Koma galimoto ya makilomita 120,000 yomwe imayenda sabata iliyonse, yokhala ndi malisiti a sevisi, nthawi zambiri ndi yodalirika kuposa ya 40,000 yomwe yagona zaka zisanu pansi pa mtengo wa mango.

Pokambirana mtengo, chitani masamu motere. Funsani mtengo wa galimoto yamtundu womwewo ndi chaka chomwecho yoyenda mwachizolowezi, ndipo muyambire pamenepo. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ailowe pansi ndi tochi injini isanalizidwe tsiku limenelo. Alembe mtengo wa matayala asanu, mafuta ndi mapaipi a mabuleki, lamba wa tayimingi, batire, oyilo ndi madzi a mu ladiyeta. Ndalama imeneyo muichotse pa mtengo. COF ikhale yosatha, komabe musaitenge ngati umboni wa zonse, poti siyang'ana m'kati mwa injini. Wogulitsa akakana kuti makaniko aione, kapena akakana kukayesa galimotoyo pa msewu wa fumbi wokhala ndi chitunda, bwererani ndi ndalama zanu.