CITHUNZI CA AGOGO CISABWERE COBIRIWIRA

Pa boma la Chongwe, m'mbali mwa mseu waukuru wopita ku Chipata, muli masitolo ang'ono-ang'ono osindikiza zithunzi. Anthu a ku Chalimbana, a ku Kanakantapa ndi a m'midzi yina ya Mfumu Yaikuru Nkomeshya amapita kumeneko ndi zithunzi zakuda ndi zoyera zimene makolo anajambulitsa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kuti aziculukitse pa maliro kapena poika mwala pa manda. Koma kawiri-kawiri cithunzi catsopano cimaturuka cobiriwira kapena cofiirira, ndipo nkhope ya malemu imaoneka ngati ya munthu wodwala.

Cifukwa cace ndi ici. Cithunzi cakale cinatsukidwa m'cipinda ca mdima, ndipo kuda kwace kunacokera ku siliva wa m'pepala momwemo. Makina a lero, ochedwa inkjet, amawaza timadontho ta inki, ndipo ambiri ali ndi inki wa mitundu 4: wakuda, wacikasu, wabuluu ndi wofiira. Pofuna mtundu wotuwa ngati phulusa, umene ndiwo umaumba masaya ndi mphumi, makinawo amasanganiza inki wamitunduyo. Wofiira akacepa pang'ono cabe, cithunzi conse cimabiriwira, akacuruka, cimafiirira. Pa cithunzi ca citenje camawanga-mawanga simungazindikire colakwaco, koma pa nkhope yotuwa diso limaciona msanga.

Inki amacepa motero timabowo ta makina tikatsekeka. Fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa October zimaumitsa inki, makamaka makina akakhala masiku ambiri osagwira nchito, monga zinacitikira m'caka ca 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima nthawi yaitali. Wosindikiza wosamala amayamba wayesa mizera ya mitundu yonse pa pepala wamba, natsuka timabowoto ngati mzera wina uli woduka-duka.

Cina ndi malangizo a pa kompyuta. Wosindikiza auze makina mtundu weni-weni wa pepala limene waikamo, ndipo nchito yolinganiza mitundu aipatse mmodzi yekha, pulogalamu kapena makina. Akalola onse awiri, amakonza cinthu cimodzi kawiri, nacionongeratu. Makina ena amalola kusindikiza ndi inki wakuda yekha. Cithunzi cotere cimakhala ndi timadontho tooneka ngati mcenga, komabe ine ndiona kuti mcenga ndi wabwino kuposa agogo obiriwira. M'caka ca 2005 kampani ya Epson inaturutsa makina okhala ndi inki wakuda, wotuwa ndi wotuwirako, amene safuna kusanganiza kwambiri, koma mtengo wace ndi wa masitudiyo akulu-akulu.

Inu owerenga, musanalipire, pemphani kacithunzi kamodzi koyesera. Kalekeni kaume, ndipo turukani nako panja, pakuti nyali ya m'sitolo imanamiza maso. Kayerekezeni ndi cithunzi cakale muli pa mthunzi. Cikakukondweretsani, cipacikeni pa khoma limene dzuwa silifika, cifukwa inki wamitundu safwifwa pa liwiro limodzi, ndipo cingathe kusintha maonekedwe ngakhale cinaturuka bwino.

Cithunzi cakaleco musacisiye m'sitolo, ndiponso musalole kuti acimate m'pulasitiki ndi makina otentha, pakuti cikalowamo sicimaturukanso cosaonongeka. Bwererani naco kumudzi tsiku lomwelo, muciike m'envulopu, m'sutikesi mosafika cinyezi ndi ciswe.