PAKONA YA NAMWINO: Kodi mu ayisikilimu wa pakamtengo muli chiyani?

Dzuwa latulukanso kuno ku Britain, ndipo pa pikiniki ya bungwe lathu ija ndinaona mabokosi a ayisikilimu akutha msanga kuposa mpunga ndi nkhuku. Mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Anamwino, mwana wangayu sakonda mkaka. Ndikamampatsa ayisikilimu tsiku lililonse, si mkaka womwewo?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa cha phokoso la ana, koma funsoli ndi lofunika kuliyankha mofatsa.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Chilimwe china ndinkagwira ntchito usiku, ndipo ndikaweruka m'mawa nditatheratu ndinkangotsegula filiza n'kutenga Magnum mmodzi ndisanagone. Ndinkadziuza kuti ndi kakang'ono, komanso ndavutikira. Atandiyeza magazi, shuga wanga anapezeka pamalire, pamene madokotala amati matenda a shuga sanafike koma ali pakhomo. Sindikunena kuti ayisikilimu yekha ndiye anachititsa, koma ndi pamene ndinayamba kutembenuza bokosi n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo, zomwe ndimauza odwala tsiku ndi tsiku.

Pabokosipo mupeza mawu oti kcal. Amenewo ndiwo makalori, muyeso wa mphamvu yomwe chakudya chimapatsa thupi. Mwachiyerekezo, mayi wamkulu amafunika makalori 2,000 patsiku ndipo bambo 2,500. Magnum Classic mmodzi ali ndi makalori pafupifupi 230, kutanthauza kuti mayi wadya kale gawo loposa limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha tsikulo, m'mphindi zisanu zokha, ndipo mimba sinamve n'komwe. Kuti makalori amenewo athe, pamafunika kuyenda mwandawala mphindi 45 kapena ola lathunthu, malinga ndi thupi lanu.

Chomwe chimachulukitsa makaloriwa ndi mafuta. Galamu imodzi ya shuga imapereka makalori 4, pomwe galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. Chokoleti chokutira kunja chija, chomwe chimathetheka mokoma mukaluma, ndi chodzaza ndi mafuta, ndipo m'katimo mulinso mafuta a mkaka. Ambiri mwa mafutawa ndi aja pabokosi amalemba kuti saturates, omwe amakweza kolesitero m'magazi. Malangizo a NHS ndi oti mayi asapitirire magalamu 20 a mafuta amenewa patsiku, bambo 30. Kamtengo kamodzi ka chokoleti kali ndi magalamu pafupifupi 10. Theka la muyeso wa mayi latha, asanaphike n'komwe ndiwo zamadzulo.

Tibwere ku shuga, poti apa ndi pamene pali nkhani ya ana athu. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4 a shuga. Mu ayisikilimu wamkulu wa chokoleti muli magalamu pafupifupi 20, omwe ndi masupuni asanu. Pang'ono mwa ameneyu ndi shuga wachibadwa wa mu mkaka, koma wochuluka ndi wochita kuthira. A NHS amati mwana wa zaka 4 mpaka 6 asapitirire magalamu 19 a shuga wothira patsiku, wa zaka 7 mpaka 10 magalamu 24, ndipo wamkulu magalamu 30. Ndiye taganizani mwana wa zaka zisanu amene wadya wamkulu uja, m'mawa anadya siriyo wotsekemera, masana wamwa juwisi. Ndani wa ife angathire masupuni asanu m'kapu ya tiyi ya mwana wake, iye akuona? Koma zikakhala pakamtengo sitiwerengera.

Tsono kwa mayi anandifunsa uja: inde, muli mkaka, ndipo mwana apezamo kashiamu ndi mapuloteni pang'ono. Koma kuti apeze kashiamu wofanana ndi wa m'kapu ya mkaka angafunike kudya shuga ndi mafuta ochuluka zedi. Yogati wosathira shuga woikamo nthochi, kapena kachidutswa ka tchizi, zingamuthandize bwino kuposa apo. Ndiwonjezerenso kuti ambiri mwa ife a ku Africa mimba zathu sizigaya bwino shuga wa mu mkaka. Ngati mwana amadandaula m'mimba kapena kutupidwa akadya za mkaka, mwina n'chifukwa chake amaukana, ndipo ndi bwino kukambirana ndi GP wanu.

Sikuti onse a pakamtengo ndi ofanana ayi. Solero ali ndi makalori ochepera pang'ono 100, Mini Milk cha m'ma 30 basi. M'chaka cha 2016 kampani ya Unilever, yomwe panthawiyo inkapanga Magnum ndi Cornetto, inalengeza kuti ayisikilimu wa munthu mmodzi wogulitsidwa kuno asamapitirire makalori 250, ndipo ena anangochepetsedwa kukula. Aja a madzi a zipatso okhaokha mafuta alibe, koma musanamizike, shuga alimo ndithu, ndipo mano a mwana amene amanyambita pang'onopang'ono amakhala m'shugamo nthawi yaitali.

Powerenga bokosi samalani pamodzi. Manambala amalembedwa m'mizere: wina wa magalamu 100, wina wa mamililita 100, wina wa kamtengo kamodzi. Ayisikilimu ali ndi mpweya wambiri m'kati, choncho mamililita 100 salemera magalamu 100, ndipo mukasokoneza mizereyi muganiza kuti mwagula wabwinoko pomwe ayi. Yang'anani mzere wa kamtengo kamodzi, poti ndi kamene mudye. Mukafuna kuyerekeza mitundu iwiri, onani mzere wa magalamu 100: shuga akaposa magalamu 22.5, kapena saturates akaposa 5, ndiye kuti n'zochuluka.

Ife akuda tili ndi chifukwa china chosamalira. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri amatigwira kwambiri kuposa azungu, ndiponso tikadali aang'ono. Bungwe la Diabetes UK limati kwa ife chiopsezo chimayamba kukwera pa zaka 25, pomwe kwa azungu ndi pa zaka 40. Inu ophunzira a ku yunivesite, amene mumagula bokosi lotsitsidwa mtengo n'kulimaliza usiku umodzi mukuwerengera mayeso, zaka 25 si patali.

Kumudzi ayisikilimu tinkamuona tikapita m'tauni, mwina pa Khrisimasi. Kuno vuto ndi filiza ya m'nyumba: bokosi likakhalamo, limaitana. Ine ndinasiya kusunga aakulu aja. Ndimagula timatinga'ono, ndipo kunyumba kwathu timadya Loweruka tikatha chakudya chamasana. Masiku ena otentha ndimapanga mafilizesi ngati a kwathu aja: ufa wa malambe, womwe umapezeka m'mashopu a zakudya zaumoyo kuno, ndimausakaniza ndi mango wopera ndi yogati, n'kuthira m'timakapu, kubayamo kamtengo, n'kuika mu filiza usiku wonse. Mwana wanga wamng'ono anayamba wakana kuti ndi owawasa. Pano ndi amene amandikumbutsa malambe akatha.