Makantina ogumuka a m'malire: kukonza denga n'kophweka kuposa kupeza pepala

M'misewu ya Angónia, Tsangano ndi Macanga muli nyumba zambiri za njerwa zopanda zitseko, zina mitengo itamera mkati. Zambiri zinali makantina a amalonda achipwitikizi amene anachoka cha m'ma 1975. Zina boma linazisandutsa Lojas do Povo, koma malondawo sanakhalitse, kenaka nkhondo inadzamaliza zotsala. Anthu atabwerako ku Malawi pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, anayamba ndi minda ndi nyumba zawo. Makantina anatsalira mbuzi.

Tsopano funso limabuka kawirikawiri m'magulu a alimi: bwanji osalowamo, kufolera, n'kupeza posungira soya ndi nyemba, pophunzirira akuluakulu kuwerenga, kapena pokumana amayi a gulu losunga ndalama? Ganizoli ndi lanzeru. Khoma lilipo kale, maziko alipo, ndipo gulu lomwe lili ndi nkhokwe youma silikakamizika kugulitsa mbewu zonse pa mtengo wogwa wa nthawi yokolola. Komabe pali zochitika ziwiri zofunika kuzidziwa munthu asanagule thumba la simenti.

Choyamba chili ku Beira. Grande Hotel inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 ngati hotela yapamwamba kwambiri, koma inatsekedwa mu 1963 chifukwa sinkapindula. Nthawi ya nkhondo mabanja othawa kumidzi analowamo, ndipo lero mukukhala anthu oposa 1,000. Ali ndi atsogoleri awo, malo opempherera ndi timisika, ndipo ana ambiri anabadwira momwemo. Palibe angakane kuti nyumbayo inapulumutsa anthu. Koma inadyedwa pang'onopang'ono: matabwa a pansi anakhala nkhuni, mapaipi ndi mawindo anagulitsidwa, ndipo dziwe losambiramo alendo linasanduka pochapira. Anthuwo si aulesi. Vuto n'lakuti palibe amaika ndalama zake pa khoma limene mawa angathamangitsidwemo. Munthu amazula chimene angagulitse lero.

Chachiwiri chili ku Italy. Mumzinda wa Milan achinyamata analowa m'nyumba ya fakitale yosiyidwa mu 1975, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu, n'kuyambitsa malo otchedwa Leoncavallo. Ankachitiramo nyimbo, maphunziro ndi kuphika chakudya chotsika mtengo. Iwo ankakonzadi nyumba. Anasamutsidwa, analowa m'nyumba ina mu 1994, ndipo mu Ogasiti 2025 apolisi anaitseka n'kuibweza kwa eni ake. Zaka 50 za ntchito sizinalowe m'malo mwa chikalata.

Apa ndi pamene alimi ambiri amasokonezeka, ndipo m'pomveka. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, ndipo nzika imene yagwiritsa ntchito malo mokhulupirika kwa zaka 10 imapeza ufulu wa DUAT ngakhale ilibe pepala. Mudzi nawonso uli ndi ufulu pa malo a makolo. Koma nthaka ndi nyumba n'zosiyana. Nyumba imatha kukhala ndi mwini. Mu 1976 boma linatenga nyumba zochititsa lendi ndi zosiyidwa, n'kuzipereka m'manja mwa APIE, ndipo kuyambira m'ma 1990 zambiri zinagulitsidwa kwa anthu. Choncho kantina yooneka yamasiye ikhoza kukhala ya boma, ya mpingo, kapena ya banja lokhala ku Tete kapena ku Maputo lomwe lili ndi pepala m'sutikesi. Mwini wotere sabwera denga likudontha. Amatulukira malata atsopano akayamba kunyezimira.

Mawu a mfumu ndi ofunika, chifukwa popanda iwo mudzi sungagwirizane, koma paokha sangateteze gulu kukhoti. Njira yotetezeka ndi yochedwerapo. Gulu liyambe lalembetsa: lamulo la 2006 limalola alimi 10 kupanga bungwe lovomerezeka pa boma la distritu, osapita ku Maputo. Likatero lifunse ku ofesi ya distritu kuti nyumbayo ndi ya yani, ndipo lipeze mgwirizano wolembedwa wonena zaka zimene lidzagwiritse ntchito nyumbayo, ndiponso amene adzabweze ndalama zokonzera ngati mwini aifuna msanga. Boma la distritu nalonso lili ndi mbali yake. Nyumba ya boma imene yakhala zaka 30 ikugwa siipindulira aliyense, ndipo kuibwereketsa kwa bungwe la alimi kumateteza chuma cha boma lomwelo.

Pali zinanso zoti mmisiri aone asanakwere makwerero. Madenga ambiri akale ndi a lusalite, yomwe fumbi lake limawononga mapapo ikadulidwa kapena kuphwanyidwa. Khoma lomwe lamwa mvula zaka zambiri limatha kuoneka lolimba kunja pomwe zitsulo zamkati zinadyeka ndi dzimbiri. Ndipo kukonza sikutha tsiku lotsegulira. Kufolera kumatheka ndi chopereka cha nyengo imodzi ya mbatatesi, koma loko, mlonda ndi laimu zimafuna kathumba ka chaka ndi chaka, ndi munthu wodziwika ndi dzina amene amasunga kiyi komanso buku la ndalama.