Zotsatsa mfuti zamakedzana: kodi kale lidali lokoma choncho?

M'dziko la America muli anthu amene amatolera masamba a magazini akale otsatsa mfuti n'kuwapachika pakhoma ngati zithunzi za makolo. Iwo amati masambawo amawakumbutsa nthawi imene mfuti idali chida cha mlenje, chimene bambo ankasiyira mwana wake.

Zina mwa zotsatsazo lero zimadzidzimutsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya Iver Johnson idajambula kamtsikana kali pabedi ndi mfuti ya m'thumba, pofuna kutsimikizira makolo kuti mfutiyo singalire mwangozi. Kuyambira 1940, kampani ya Daisy inkakopa anyamata ndi mfuti ya mpweya yotchedwa Red Ryder, makamaka nyengo ya Khirisimasi. Nayo kampani ya Sears inkatumiza mfuti kudzera papositi, monga momwe munthu angaitanitsire nsapato.

Koma mu 1963 Lee Harvey Oswald adaona mfuti yotsatsidwa m'magazini ya American Rifleman, ndipo adaiitanitsa papositi pamtengo wa pafupifupi madola 20. Pa 22 November chaka chomwecho, mfutiyo idapha mtsogoleri wa dzikolo, John F. Kennedy, mumzinda wa Dallas. Ataphedwanso Martin Luther King ndi Robert Kennedy mu 1968, boma lidakhazikitsa lamulo loletsa kutumiza mfuti papositi kwa munthu wamba wa m'chigawo china.

Chifukwa chogulira mfuti nacho chidasintha. Kafukufuku wa mu 1999 adapeza kuti eni mfuti 49 pa 100 aliwonse ankaisungira ulenje, pomwe 26 okha ndiwo ankatchula chitetezo. Pofika 2013, bungwe la Pew Research Center lidapeza kuti zatembenuka: 48 ankatchula chitetezo, ulenje n'kutsikira pa 32. Otsatsa malonda nawo adatsata mphepoyo, n'kuyamba kugulitsa mantha ndi uchamuna.

Apa ndi pomwe padagona nkhani ya sukulu ya Sandy Hook, komwe pa 14 December 2012 mnyamata wina adapha ana 20 ndi akuluakulu 6 ndi mfuti ya Bushmaster. Ngakhale lamulo la 2005 limateteza opanga mfuti kumilandu yambiri, mabanja ena oferedwa adasumira kampani ya Remington, ati idatsatsa mfutiyo ngati chizindikiro cha mwamuna weniweni. Mu 2022 adagwirizana kuti mabanjawo alandire madola 73 miliyoni.

Okonda zotsatsa zakale ali ndi mfundo yawo: alenje ambiri adakalamba ndi mfuti osavulaza munthu, ndipo malamulo aakulu a dzikolo amapereka ufulu wokhala nayo. Komabe chithunzi chapakhoma chimaonetsa mwana akumwetulira basi, sichionetsa maliro. Mu 2020 mfuti zidapha ana ndi achinyamata a ku America ochuluka kuposa amene adafa pangozi za galimoto.

Phunziro lake ndi la kholo lililonse, ngakhale logula kamfuti kapulasitiki pamsika wa Khirisimasi. Wotsatsa malonda amadziwa kuti chimene mwana wachisirira lero adzachifuna akadzakula. Choncho kholo lisadikire wamalonda kuti ndiye auze mwana tanthauzo la mfuti, pakuti madzi akatayika saoleka.