Lekani kumufunsa kuti wafika pati

Sabata yatha pa Namitete panaima galimoto ya alendo oyendayenda, ija yokhala ndi bedi, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi m'kati momwemo, nambala yake ya ku South Africa. Eni ake, bambo ndi mayi achikulire ndithu, anali atazungulira kunyanja kwathu ndipo tsopano amabwerera kwawo kudzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka mpaka pa mlatho wa Kazungula. Dzuwa linali litangopendeka, koma iwo ankafunsa kale za malo ogona. Mnyamata wina wokazinga tchipisi anaseka, amvekere: "Koma ulesi winawu! Msewu wonsewu ulipo, iwo akufuna kugona kunja kukuwala?" Mawu amenewa andikhala pamtima mpaka lero, ndipo andikwiyitsa, chifukwa maganizo a mnyamatayu ndi athu tonse, ndipo ndi omwe akutithera abale pamsewu.

Nafenso tili nazo galimoto zogonamo. Ndikunena mapikiapu ndi maminibasi okoka ngolo ochokera ku Joni, amene amachuluka tikamayandikira Khirisimasi, atasenza matilesi, mafiriji, njinga, masola ndi zikwama za mabulangete mpaka matayala kuphwatalala. Woyendetsa wake alibe bedi. Akapeza mpata amatsamira chiwongolero pamzere wa pa Beitbridge, kudikira kuti awoloke Limpopo. Kuchoka pamenepo ndi Masvingo, Harare, Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi m'kutentha kwa ku Tete, kenako kukwera mapiri a ku Angonia mpaka pa Calomue ndi chipata cha Dedza. Makilomita opitirira 1,700, zipata zitatu, mapepala, msonkho wa katundu, ndipo kawirikawiri woyendetsa ndi mmodzi yekha.

Akadinditsa pa Dedza, mtima wake umamuuza kuti wafika. Pamenepo ndiye pagona vuto. Kwatsala makilomita pafupifupi 85 kuti alowe mu Lilongwe, kenako atenge msewu wa ku Mchinji, adutse Chitedze, Mpingu, Msundwe, ena apatukire ku Nsaru kapena ku Kabudula, ena alunjike ku Nambuma. Aliyense wa kuno akuudziwa msewu wathu usiku: ngolo za ng'ombe zopanda nyali, njinga zosenza makala, akabaza, mbuzi, anthu ochokera kumsika akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa phula. Mvula ikagwa, kamsewu ka kumudzi kamaterera ndipo ngolo yolemera ija imayamba kukoka galimoto m'malo mokokedwa. Munthu amene maso ake akhala ali gwa pamsewu masiku awiri ndi amene tikufuna kuti adutse zonsezi pakati pa usiku. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sunama.

Tsono akumuthamangitsa ndani? Ndife a kumudzi, ndi mafoni athu. Munthu akangonena kuti wanyamuka, WhatsApp sipuma. "Achimwene, mwafika pati?" Pakapita kanthawi alamu nawo: "Mwadutsa pa Tete?" Kenako amalume, kenako mwana wa azakhali amene anatumiza uthenga woti amugulire foni. Akanena kuti akufuna agone pa Dedza, yankho lake mukulidziwa: "Aaa, pafupi pomwepa? Ingolimbani mtima, nkhuku taphika kale." Nkhuku imeneyo ikhoza kutenthetsedwa mawa. Ndipo okwera nawo m'galimotomo sathandiza. Woyendetsa akaima kuti atseke maso, amayamba kung'ung'udza kuti analipira ndalama zambiri, winanso n'kumuuza za mnzake amene amayenda ulendo womwewu osaima. Amamugulira chakumwa chothamangitsa tulo n'kumuyatsira nyimbo mokweza, ngati kuti tulo timamva phokoso n'kuthawa.

Ine nkhani imeneyi imandikumbutsa za makolo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba. Ankapita kumigodi n'kukhala chaka, zaka ziwiri, kumudzi osadziwa tsiku lobwera. Munthu ankangotulukira ndi sutukesi yake yachitsulo, wailesi ndi njinga, amayi n'kuyamba nthungululu. Panalibe womuwerengera maola. Sindikunena kuti maulendo a nthawi imeneyo anali opanda zoopsa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo atamaliza ntchito, ndipo a Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi chifukwa cha ngozi imeneyo. Anthu aja anapulumuka pansi pa nthaka n'kukathera panjira yobwerera kumudzi. Dziko limene linalirapo maliro otere liyenera kuupatsa ulemu ulendo wobwerera, osauyesa kanthu kongomalizitsa.

Ndipo poti ndayamba, ndinene chimene chimandipweteka kwambiri. Ambiri mwa mafoni aja safunsa za munthu, amafunsa za katundu. Wina akufuna adziwe ngati firiji yake yafika bwino, wina akudikira ndalama za feteleza chifukwa chimanga chamera kale. Ndikumvetsa, umphawi ulipo ndipo feteleza sadikira. Koma mnyamata amene wakhala chaka chathunthu akugona m'kachisakasa ku Joni, akusamala minda ya maluwa ya eni, akuzemba apolisi pa nkhani ya mapepala, akukumbukira ziwawa zimene zinachitikira alendo kumeneko mu 2008 ndi 2015, akamabwera timulandire iyeyo poyamba. Tikayamba kumasula zingwe za pangolo iye asanamwe ndi madzi omwe, tisadabwe chaka chamawa akapanda kubwera, ife n'kumamutcha mtchona.

Eni galimoto nanunso muli ndi mbali yanu. Ulendo wa ku Joni umafuna oyendetsa awiri. Ndalama ya woyendetsa wachiwiri ndi yochepa poyerekeza ndi galimoto yogubuduzika pamodzi ndi katundu wa mabanja khumi. Matayala a ngolo muziwayang'ana musanachoke ku Musina, ndipo magetsi akumbuyo aziyaka, chifukwa wanjinga wa pa Msundwe sangalote kuti kumbuyo kwa galimoto imene yamudutsa kukubweranso china.

Kwa inu amene mukudikira m'bale wanu chaka chino, ku Kabudula, ku Nsaru, ku Mpingu kapena kuno ku Namitete, pempho langa ndi ili. Mutumizireni uthenga umodzi wokha, womuuza kuti dzuwa likamulowera pa Dedza kapena mu Lilongwe agone komweko, anyamuke kukacha. Mukatero ikani foni pansi, mumusiye ayendetse galimoto.